Phazi la a Anas pa laputopu ya a Fraser

Aliyense amene anakonzetsapo galimoto kwa a Fraser Namonde pa Chiringa amadziwa khalidwe lawo limodzi. Akamaliza ntchito satseka laputopu msanga. Amaitana mwini galimoto, n'kumuonetsa pa sikirini, amvekere, "Taonani, ndikufufuta." Akafufuta ndiye amapinda chingwe. Alendo amayesa n'kudzionetsera. Ine ndikudziwa pamene zinayambira chifukwa ndinalipo, ndipo ndalemba izi kuti bodza limene likuyenda pamsika lichepe.

A Fraser anabadwira ku Jenala. Anayamba ndi kumata machubu a njinga, kenako zigayo, kenako anapita ku Limbe kukagwira ntchito pa galaja. Pobwerako anabwera ndi mkazi, mphumu, ndi laputopu yakale yomangidwa ndi mphira pakona. Batire lake linafa kalekale, ndiye amaiyatsira pa batire la galimoto lapadera limene amayenda nalo. Ali ndi chingwe chimene amalumikiza kunsi kwa chiwongolero, ndipo injini ikamalira manambala amayenda pa sikirini: kutentha kwa injini, liwiro la galimoto, ndi mmene phazi lapondera moto. Magalimoto a kuno ndi okalamba, ambiri sayankha msanga. A Fraser amatha kukhala mpaka dzuwa kupendeka akusintha zingwe, kupala dzimbiri ndi singano, kuzimitsa pulogalamu n'kuyatsanso, osalankhula ndi munthu. Chingerezi amadziwa chochepa. Pulogalamuyo anaiphunzira ndi maso, poonerera anzawo.

Panali a Anas, Msilamu wa kumtunda kwa msika, amene anali ndi pikiapu yoyera ya matola. Inkanyamula anthu ndi matumba a nandolo kudzera njira ya ku Fort Lister. A Anas anadwala pang'ono n'kumwalira kuchipatala, ndipo ulendo womaliza wa pikiapuyo nthawi imeneyo unali wokatenga thupi lawo. Itafika pakhomo inaimikidwa pansi pa mtengo wa mango, palibe anaikhudza nthawi yonse imene mayi Jalia, mkazi wa malemu, anali m'nyumba pa eda, kulira mwamuna wawo monga amachitira Asilamu.

Atatuluka m'nyumba, mayi Jalia anafuna kuti galimoto ibwerere pamsewu. Munda wawo ndi waung'ono, ana alipo, chakudya chinkachokera m'pikiapu momwemo. Koma achimwene a malemu ankafuna kuigulitsa kwa ophwasula magalimoto ku Limbe. Ankati galimoto yonyamula mwini wake ali mtembo anthu sadzakweranso. Anagwirizana kuti makaniko aione kaye, popeza kiyi ankatembenuka koma injini osalira.

Tsikulo kunali dzuwa loswa mtengo. Ine ndinapita chifukwa ndinali ndi matumba a nandolo odikira galimoto yomweyo. Anthu ena anabwera kudzangoonerera. A Fraser anakhala pampando wa dalaivala, laputopu pamiyendo, natembenuza kiyi. Injini ili zii. Analumikiza chingwe, nadina penapake, ndipo manambala anayamba kuyenda.

Ndinaona ndi maso anga. Kutentha kunkakwera. Liwiro linkakwera. Mzere woonetsa phazi unkakwera n'kutsika ngati munthu akusintha giya. Galimoto ili chiimire, nkhuku ili pansi pake, masamba ouma ali pa boneti.

"Ikuti chiyani?" anafunsa achimwene a malemu.

"Ikuti galimoto ikuyenda," anayankha a Fraser.

Palibe anaseka. A Fraser anazimitsa kiyi, manambala osaima. Anazula kiyi n'kundipatsa ine, manambala osaima. Kenako anawerama n'kusolola chingwe chonse, nachikweza m'mwamba kuti tonse tione kuti sichikukhudza galimoto. Phazi lija linapondabe moto.

Anthu anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, osathamanga, monga timachitira tikaona njoka m'nkhokwe. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumuphimba kumaso ndi chitenje. Ine kiyi uja ndinamumva kuzizira m'manja, sindibisa.

"Alamu, mwaona nokha," anatero achimwene a malemu. "Mwini wake sanatsike. Tsopano walowa m'makina a Fraser. Mukufuna ana a anthu akwere m'menemo?"

Mayi Jalia anali ataima pakhonde, manja m'kati mwa mpango.

A Fraser sanabwerere m'mbuyo, ngakhale mphumu inkamveka kulira m'chifuwa mwawo. Anakhala akuyang'ana sikirini nthawi yaitali, ndipo anthu ena anayamba kuchoka kuti akafalitse. Atatero anati, "Musapite. Imani mumve, mukanene zoona."

Anafotokoza motere. A Anas asanadwale anabwera kudzadandaula kuti galimoto ikufooka pachitunda cha ku Fort Lister. A Fraser anakwera nawo, laputopu pamiyendo, ndipo pulogalamu inajambula ulendo wonsewo. Pochisunga anachilemba dzina la mwini galimoto, monga ankachitira ndi onse. Tsopano pofuna kulumikiza galimoto anaona dzina la a Anas pa sikirini n'kudina pomwepo, poganiza kuti ndiye khomo lolowera. Pulogalamu sinalankhule ndi galimoto n'komwe. Inangoyamba kubwereza ulendo wakale uja.

"Ndadina polakwika ndine," anatero. "Chingwe nachi, chili m'manja mwanga. Galimoto ikanalankhula bwanji popanda chingwe?"

"Ndiye ukuti si iwowo?" anafunsa achimwene a malemu.

"Ndi iwowo, bambo. Koma ali moyo. Ine ndinali pambali pawo, ndikudya nthochi zawo."

Pamenepo mayi Jalia anatsika pakhonde. Anafika pachitseko cha galimoto n'kufunsa kuti phazi ndi liti. A Fraser anawalozera mzere. Anaima akuuyang'ana ukukwera n'kutsika. Patapita kanthawi mzere unagwa, liwiro linatsika mpaka ngati la munthu woyenda pansi, linakhala choncho pang'ono, kenako linakweranso.

"Apo ndi pamanda," anatero mayiwo, mawu ali pansi. "Pali mwana wathu woyamba. Sankadutsapo mothamanga."

A Fraser anagwedeza mutu povomereza. Anati tsiku lija a Anas anachepetsadi liwiro pamalo pena n'kuzimitsa wailesi, ndipo iwo sanafunse chifukwa.

Kunena zoona, apa m'pamene tsitsi linandiimirira, osati poyamba paja. Poyamba tinkaopa chinthu chimene kunalibe. Apa tinkaona munthu amene tinamuika tokha m'manda akuchepetsa liwiro pamanda a mwana wake, ndipo panalibe bodza lililonse.

Mayi Jalia anapempha kuti aone mpaka kumapeto. Tinadikira. Manambala anatsika, phazi linachoka, zonse zinaima.

"Chikhoza kusungika?" anafunsa.

"Chikhoza, mayi. Mukafuna kuona muzibwera."

Mayiwo anatembenuka kuyang'ana anthu amene anali chapatali, kenako alamu awo. Ankadziwa mmene timalankhulira ife a kuno. Chikanatsala m'laputopumo, nkhani ikanakhala yakuti a Anas akuyendetsabe, ndipo pikiapu ikanathera ku Limbe.

"Fufutani," anatero. "Anthuwa akuona."

A Fraser anatembenuza laputopu kuti iyang'ane gulu, nafufuta. Mayiwo anabwerera m'nyumba ndipo sanatulukenso tsiku limenelo.

Vuto lenileni linapezeka dzuwa litapendeka. Nandolo wotayikira kuseri kwa mpando anaitana makoswe, ndipo makoswewo anadula mawaya kunsi kwa chiwongolero. A Fraser analumikiza mawaya, nabwezera chingwe, ndipo ulendo uno manambala anakhala duu mpaka injini italira. Anaitana achimwene a malemu kuti aponde moto okha. Akaponda mzere unkakwera, akachotsa phazi unkatsika. Bamboyo anabwereza kangapo, kenako anatsika n'kunena kuti za ku Limbe zikhale kaye.

Tsiku la msika pikiapu inaima pa Chiringa ndi dalaivala wolembedwa ntchito wochokera ku Migowi. Anthu ankaizungulira patali n'kukakwera njinga za kabaza. Ine ndinakweza matumba anga n'kukhala kutsogolo. Sindinachite izi pofuna kutamandidwa. Ndinaona chingwe, ndinamva kufotokoza, ndipo nandolo wanga anali atayamba kufumbwa. Amayi awiri a tomato atandiona anakwera kumbuyo, ena anatsatira, tinanyamuka. Mpaka lero galimotoyo ili pamsewu ndipo ana a mayi Jalia akudya.

Kuyambira pamenepo a Fraser sasunganso ulendo wa munthu aliyense, ngakhale amati kusunga kunkawathandiza pantchito. Amati safuna kukhala ndi mapazi a anthu m'chikwama.

Chatsala chimodzi chimene ndiyenera kulemba chifukwa ndinaona. Pa ulendo woyamba uja, titafika pamanda paja, dalaivala wa ku Migowi anachotsa phazi ndipo galimoto inayenda ngati munthu wapansi. Ndinamufunsa ngati wina anamuuza za malowo. Anati ayi, wangoona dzenje pamsewu. Pobwerera ndinatsika n'kukayang'ana. Dzenje lilipodi, laling'ono, loti njinga ikhoza kudutsapo osagwedezeka.