Njira Imene Ndinalozera Ozimitsa Moto

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo chimene ndinkadziwika nacho m'dera lathu chinali liwiro. M'kalasi ndinalibe mbiri iliyonse, koma munthu akafuna machesi kapena mchere mwachangu, ankaitana ine. Tinkakhala ku Soche, osati kumunsi kwa nyumba za m'mizere zija zokhala ndi manambala, koma kumtunda kumene nyumba zimakwera phiri mothithikana, aliyense atamanga pamene anapeza malo. Mlendo tinkamulondolera chonchi: mutsike pa siteji ya kuchigayo, mudutse pampope, mukafika pa mtengo wa mapeyala mufunse.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la Che Bwanali ndi akazi awo, Abiti Mussa. Che Bwanali anayendetsa malole zaka zambiri mpaka matenda anawapha ziwalo mbali imodzi. Ankagona pamatiresi pafupi ndi zenera, ndipo ndikamadutsa chothamanga ankandikuwira ndi lilime lawo lolemera lija kuti, "Iwe dalaivala, chepetsa sipidi!" Ana awo anali kutali. Abiti Mussa ankagulitsa nsomba zouma kumsika wa Limbe, ndipo popita ankakhoma chitseko ndi loko kunja, kiyi n'kumumangirira kunsonga ya chitenje.

Musafulumire kuwaweruza mayiwa. Akuba anawalowera kawiri dzuwa likuswa mtengo. Ulendo wachiwiriwo anatenga wailesi, natenganso bulangeti limene Che Bwanali anafunda, mwiniwake akuyang'ana, osatha kudzuka. N'chifukwa chake anaikitsa chitseko chachitsulo ndi zitsulo za m'mazenera. Tonse tinawayamikira kuti aganiza bwino.

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, cha m'ma 11 koloko, kukutentha koti nkhuku zinali zitangoyasamula pansi pa mipanda. Abiti Mussa anasiya nyemba pambaula kuti zizipsa pang'onopang'ono, monga ankachitira masiku onse. Chimene chinagwera pambaulapo palibe anadziwa. Ife tinangoona utsi wakuda ukutuluka m'mphepete mwa malata, kenaka tinamva Che Bwanali akumenya zitsulo za pazenera ndi kapu.

Amuna ambiri anali atapita kuganyu m'tauni. Amene analipo anayamba kumenya chitseko ndi miyala ndi makasu, koma chitsekocho chinapangidwa kuti chisagonje, ndipo sichinagonje. Pampope panali patauma kuyambira dzulo lake. Amayi ankathamanga ndi madzi otsala m'ndowa, ena otsukira mbale, n'kumawaponya kudzera pazenera. Mayi wa pagolosale, amene anali ndi foni ya m'manja, anaimbira ozimitsa moto, ndipo anabwera akukuwa: "Akuti akubwera, koma wina akawadikire pa tala, sangapadziwe pano!"

Mayi anga anayang'ana uku ndi uku. Wamkulu aliyense anali ndi ndowa kapena mwala m'manja. Anandigwira paphewa. "Esinala, thamanga. Ukaime pa siteji. Akafika uwabweretse kuno."

Ndinatsetsereka phirilo ngati mbuzi yothawa galu. Ndiyenera kuvomera kuti pansi pa mantha anga panali kunyada. Pa anthu onse aja anasankha ine.

Ndinalinso ndi chikhulupiriro chonse, chifukwa ozimitsa motowa ndinali nditawaonapo akugwira ntchito. Mayi anga ankachapa zovala kunyumba ina ku Sunnyside, ndipo patchuthi ankanditenga. Tsiku lina moto wotentha zinyalala unagwira mpanda wa maluwa panyumba yoyandikana. Mwini nyumba anangotchula dzina la msewu ndi nambala pafoni. Galimoto yofiira inabwera n'kulowa pageti mpaka pakhonde, analumikiza paipi pampope waukulu wa m'mbali mwa msewu, ndipo tiyi wa mayi asanazizire, moto unali utatha. Palibe mwana amene anatumidwa kukaima paliponse. Ine ndinkaganiza kuti moto umazimitsidwa choncho kulikonse.

Sindinadikire nthawi yaitali. Ndinamva sailini ikuchokera cha kutauni, ndinadumphira pakati pa msewu n'kumakupiza manja. Galimoto inaima. Dzanja lina linandikoka n'kundikweza kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi bambo wina wamfupi, wa imvi m'ndevu, amene anzake ankamutchula kuti a Zuze. Ndiwo ankatsogolera gululo. M'katimo munkanunkha mphira ndi thukuta.

"Tilowere pati, mwana?" anafunsa dalaivala.

Ndinaloza njira imene ndinali nditangotsikira.

"Galimoto imadutsa mmenemu?"

"Eee," ndinatero. "Ndi pafupi."

Sindinaname. Panalidi pafupi. Njirayo inkayamba yotakata chifukwa ngolo ndi mapikapu ankafika pachigayo. Kungodutsa chigayocho inkayamba kuchepa pakati pa mipanda ya njerwa, mpaka kukathera pa ngalande yakuya imene tinkaolokera pa matabwa atatu. Ndinkadutsapo kanayi kapena kasanu patsiku, koma ndinali ndisanaiyang'anepo ndi maso a munthu wa pagalimoto. Kunali msewu wina wozungulira, wodzera kuseri kwa tchalitchi, umene malole a makala ankakwerera. Ndinkaudziwa kuti ulipo. Koma munthu wa miyendo angazungulirenji mtunda wonsewo? M'mutu mwanga msewu umenewo sunali njira ya kwathu.

Dalaivala anaponda buleki titafika pa ngalande. Kumanja mpanda, kumanzere mpanda, potembenukira panalibe. Utsi tinkauona bwinobwino pamwamba pa madenga, ndipo kukuwa kwa amayi kunkamveka. Dalaivala anamenya chiwongolero ndi chibakera.

A Zuze sanandiyang'ane n'komwe. "Bwerera chafutambuyo, upeze wamkulu akulozere msewu wa magalimoto," anauza dalaivala. Anatsika, anatenga nkhwangwa ndi chitsulo chachitali chokanulira, anaitana anzawo awiri. Kenaka anati kwa ine, "Tsogola."

Ndinatsogola. Iwo anali ndi majombo ndi zovala zolemera zija, pachitunda, padzuwa la Okutobala. Ndinkamva kupuma kwawo kumbuyo kwanga, ndipo ndinkachita kuima kuti andipeze. A Zuze anali wamkulu kuposa bambo anga, koma sanapumule ngakhale kamodzi.

Titafika, kapu ija inali itasiya kulira pazenera. A Zuze analowetsa chitsulo pakati pa chitseko ndi khoma, atatu onse anakanikiza, njerwa zinagumuka, chitseko chinagwa. Utsi umene unatuluka unabweza anthu onse m'mbuyo. A Zuze anagwada n'kulowa chokwawa. Tinangoima. Mayi anga anandikumbatira mutu kuti ndisaone, koma ndinkasuzumira pansi pa mkono wawo. Anatuluka chafutambuyo, akukoka Che Bwanali m'khwapa. Anali moyo. Ankapuma mokoka, ndipo maso awo anali otseguka koma osaona munthu. Amuna anawagoneka pa chitseko cha nyumba ina n'kuwanyamula kutsika njira yomwe ija, mpaka pa tala, pomwe anaimitsa pikapu.

Galimoto yofiira inatulukira kuseri kwa tchalitchi denga litagwa kale. Ngakhale kumeneko sinafike pakhomo. Inaima pabwalo la tchalitchi, analumikiza mapaipi onse amene anali nawo, ndipo madzi a m'thanki ndi amene anapulumutsa nyumba zoyandikana, kuphatikizapo yathu.

Apa mpamene anthu anapeza pothira mkwiyo wawo.

"Mwabwera kudzathirira phulusa?"

"Kukanakhala ku Sunnyside bwenzi mutafika kalekale!"

Mwala woyamba unamenya chitseko cha galimoto. Wachiwiri unamenya a Zuze paphewa. Bambo wina amene anaona galimoto ikubwerera chafutambuyo pachigayo anamuloza dalaivala kumaso. "Inu, munthu wamkulu, kulowetsa chigalimoto chonsechi m'njira ya miyendo? Mwamwa? Anakuuzani ndani kuti kumadutsa galimoto kumene kuja?"

Dalaivala anatsegula pakamwa, ndipo maso ake anandipeza pamene ndinaima. Ndinkadziwa kuti basi, zanga zada. Anthu amene ankagenda amuna akuluakulu ovala yunifolomu akanandichita chiyani ine?

"Njira ndalakwitsa ndine," anatero a Zuze. "Wotsogolera ndine. Mwatha? Tisiyeni timalize ntchito."

Anthu anawatukwana mpaka kutchula makolo awo. Iwo anangotembenuka n'kugwira paipi.

Moto utazima ndinawaona a Zuze atakhala pamwala kuseri kwa nyumba yathu, manja ali m'beseni la madzi limene mayi anga anawapatsa. Khungu la m'zikhatho linali litasupuka. Ndinaima chapatali. Anandikodola ndi mutu.

"Unayamba wakwerapo galimoto mpaka kufika pakhomo panu pano?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu. "Basi. Wathamanga bwino. Pita kwa mayi ako."

Mawu onse amene tinalankhulana ndi amenewo.

Che Bwanali anamwalira kuchipatala Lolemba m'mawa. Anati utsi unawawononga m'chifuwa. Anaikidwa tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wa Chisilamu. Abiti Mussa analibe kolowera, choncho anakhala kwathu miyezi iwiri, ndipo ankagona pamphasa imodzi ndi ine. Masiku oyamba ankangoyang'ana kiyi uja n'kumalira kuti apha mwamuna wawo ndi dzanja lawo. Amayi a m'dera, pofuna kuwatonthoza, anawauza kuti ayi, loko sanalakwe, olakwa ndi ozimitsa moto amene anasochera dala chifukwa kuno ndi kwa amphawi. Abiti Mussa anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo anayamba kudya.

Patatha sabata, tikuchokera kotunga madzi, ndinawauza mayi anga kuti njira ija ndinaloza ndine. Anatula ndowa pansi. Kenaka anandigwira pakamwa ndi dzanja lonyowa. "Usadzazinenenso zimenezi kwa munthu aliyense. Wamva?" Ndinkaganiza kuti andikwiyira. Ndinazindikira nditakula kuti ankadzifunsa okha chifukwa chimene anatumira mwana, pomwe analibe wina womutuma.

Ndinamvera. Abiti Mussa anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi, m'kachipinda ka lendi chakumunsi kwathu. Ankandikonda. Ankandisungira tinsomba tothyoka ndipo ankauza anthu kuti, "Mwana uyu anathamangira mwamuna wanga." Akamva sailini pamsewu ankalavula pansi n'kunena kuti, "Apo apita kwa mabwana awo, zigawenga." Ine ndinkakhala pomwepo, nsomba yawo ili m'kamwa. Kangapo konse ndinatsala pang'ono kuulula. Koma ndikanawalanda chinthu chokhacho chimene chinkawalola kugona tulo, ndipo, ndisaname, ndinkaopanso kuti asiya kundikonda. Anamwalira osadziwa.

Nditayamba ntchito ndinapita kukawafunafuna a Zuze. Anandiuza kuti anapuma pantchito kalekale ndipo anapita kumudzi, koma palibe amene ankadziwa mudzi wake. Mnyamata wina wa yunifolomu anandifunsa ngati ndinali ndi dandaulo. Nditamuuza kuti ndabwera kudzathokoza, anandiyang'ana ngati ndasokonekera mutu.

Ndafunsapo anamwino ngati mphindi zimene tinataya pa ngalande zija zikanasintha kanthu. Wina amati mwina, wina amati utsi sudikira. Palibe angandiuze, ndipo ndinasiya kufunsa. Kumtunda kuja ndimapitako. Matabwa aja anasanduka kamlatho ka simenti, koma n'ka miyendo kokhakokha, ndipo nyumba zawonjezeka mpaka pamwamba penipeni. Ndalembapo makalata, ndakhalapo pamisonkhano ya chitukuko cha m'dera, tawombapo m'manja kangapo. Msewu kulibe.

Anthu amene anagenda aja sananame kuti ku Sunnyside thandizo limafika msanga. Analakwitsa munthu womugenda. Amene anatisiya opanda msewu, opanda nambala, opanda madzi pampope sanabwere tsiku limenelo, ndipo sabwera. Amene amabwera ndi munthu wa majombo, wotuluka thukuta, ndipo popeza ndi yekhayo amene tikumuona, miyala yonse imagwera iye. A Zuze ankazidziwa zimenezi. Anaona kuti mlanduwo unali waukulu kuposa mwana wa zaka khumi, ndipo pa anthu onse amene tinali pamenepo panalibe mwiniwake, choncho anausenza okha.

Ndili ndi zaka zoposa makumi atatu tsopano, ndipo aka n'koyamba kuti ndinene poyera. A Zuze, kaya muli moyo kaya munatsogola, simunalakwitse njira inu. Ndinakulozerani ndine.