Tsiku Limene Atate Anasaka Tobiti

Atate anali mkulu wa mpingo kwathu kufupi ndi Tamanda, munthu woti usanamalize kutchula ndime ya m'Baibulo, iwo atsegula kale. Nditawauza kuti ndikukwatiwa ndi mnyamata wachikatolika wa ku Kapata, sanakalipe. Anangoti, "Baibulo lawo n'lonenepa. Muli mabuku amene ngakhale Ayuda, eni ake malembawo, sanawaike m'gulu la opatulika." Ndinapsa mtima, poti ine ndinkakwatiwa ndi munthu, osati ndi Baibulo lake. Komabe ukwati wopanda madalitso awo sindinkaufuna, ndipo ndinkaopa kuti sabwera.

Anabwera ndithu ku tchalitchi cha Akatolika, atavala jekete lawo lopitira ku mgonero, Baibulo lili kukhwapa. Kwathu mawu akamawerengedwa, aliyense amatsatira ndi chala m'buku lake. Ndiye mlamu wanga atalengeza kuti mawu achokera m'buku la Tobiti, ndinamva mapepala kulira kumbuyo kwanga. Tchalitchi chonse chili zii kumvetsera, atate ali kalikiliki: kuyambira Genesis mpaka Malaki, n'kubwereranso. Sanazindikire msanga kuti ili ndi limodzi mwa mabuku aja. Atatseka Baibulo lawo, ndinati basi, atuluka.

Apongozi anga aakazi, ogulitsa zovala zakale za salaula pamsika, za mkanganowu sankadziwa n'komwe. Iwo anangoganiza kuti maso a nkhalamba avuta. Anasendera pafupi n'kuwapatsa Baibulo lawo lotsegula kale. "Ndi apa, asewere, musavutike."

Nanga chinthu chopatsidwa mwaulemu chotero ungachikane bwanji pa maso pa anthu? Analandira ndi manja awiri, chala chija n'kuyamba ntchito yake. Mawuwo anali pemphero la mwamuna ndi mkazi ongokwatirana kumene, opempha Mulungu kuti awachitire chifundo, akalambire limodzi.

Ku madyerero atate anaitana mwamuna wanga pambali. Ine ndinatsatira osaitanidwa, nditakonzeka kuyankha mwano ngati kungafunike.

"Amwene," anatero, "buku lija m'Baibulo langa mulibe, ndipo sindidzaliikamo. Zimenezo tidzakambirana mukabwera kumudzi, mudzatenge lanulo." Kenako anawonjezera kuti, "Koma amene analemba pemphero lija ankadziwa chimene kholo limafuna. Ine ndavomera ameni. Mukalambe naye mwana wangayu."

Mwano wanga wonse unathera pakhosi, ndipo ndinalira ngati kamwana.