A Maondo ndi Udzu wa Kapeti

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Msewu wonse unkangoti a Maondo, poti ukasuzumira pageti unkawapeza atagwada pa kapinga, kampeni kali m'manja. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu pa nyumba imodzi, kusamalira udzu umene iwo eni sankaupondapo ndi nsapato.

Mdani wawo anali mmodzi, udzu wa kapeti. Unayambira pa mpopi wodontha kuseri kwa galaja, poti umakonda chinyezi. Kwa ine ndi inu udzu ndi udzu basi, koma a Maondo ankauzindikira ndi zala: masamba otambalala osasongoka kunsonga, tsinde lophwatalala loyanga pansi, ndi tingala ta mphanda totumphuka masiku atatu okha mutatchetcha. Anazula, anathira laimu, anachepetsa madzi, koma ukazula kuno wamera uko.

Abwana aakulu atamwalira, nyumba inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi. Donayu sanapite m'mbali: bwalo likapitirira kuoneka ngati mutu wa chipere, ntchito itha. A Maondo analibe kwina kolowera. Ndani angalembe nkhalamba yotupa miyendo? Anayamba kufika m'mamawa, mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina adona anatuluka ndi kapu ya tiyi, naloza cha kugalaja.

"Apa ndiye mwagwira ntchito, agogo! Pabiriwira bwino bwanji!"

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pamalopo m'pamene a Maondo anagonja kalekale, panali kapeti yekhayekha. Akanangoti zikomo nkhani ikanathera pompo, koma bodza silinkawakhala.

"Madamu, umenewo ndiye udzu woipa uja. Wapha kapinga wa bambo anu."

"Kuipa kwake n'kotani?"

"Ndi wamakani. Feteleza sufuna. Kupalira ayi, umangodzitsekera wokha. Bola mvula, basi. Sufuna munthu n'komwe."

Adona anapsontha tiyi, maso ali pa udzu.

"Nanga tikuvutikiranji, agogo?"

A Maondo anafuna kunena kuti nthawi yozizira udzuwo umauma, umasanduka ngati chiguduli, koma adona anali atalowa kale m'nyumba. Mlungu womwewo anawauza mwaulemu kuti kutha kwa mwezi apume, munthu wa makina azibwera kudzatchetcha mwa apo ndi apo.

Pafupi ndi khonde panali patatsala kachigawo ka kapinga wakale, kakang'ono ngati thebulo, kofewa, kopanda chilema. Tsiku lomaliza adona anakaloza ndi phazi.

"Ntchito imodzi yokha musanapite, agogo. Apa sipakufanana ndi ponseponse. Palimeni mudzalepo wa kapeti."

Mtima unawawawa a Maondo kuposa tsiku la maliro a abwana. Anatenga khasu, nagalauza. Kenako anakadula mbewu kuseri kwa galaja, naidzala m'mizere yowongoka, misozi ili chuchuchu. Ankadziwa kuti phesi lililonse ligwira.