Mapira Anga Pakati pa Maluwa a Dona

Ine m'nyumba yachifumu ndinalowamo, ndi mapazi angawa, ndipo wotsutsa abwere andifunse pamaso. Sukulu ndinalekezera Sabu B, koma maso ndili nawo awiri ngati ophunzira omwe.

Chinali chaka cha chilala, masiku a makhadi a chipani. Ndinachoka kwathu ku Chapananga kukadula nzimbe ku esiteti chifukwa kumunda kunali fumbi lokhalokha. Mapira tinafesa kawiri, kawiri konse anapserera. Mbewu ya malemu bambo anga, mapira oyera otsekemera aja, inangotsala yodzaza kachitini ka fodya. Kachitiniko ndinkayenda nako m'thumba poopa kuti akunyumba angakazinge ndi njala. Ikanatha imeneyo, mtundu wake ukanathera m'manja mwanga.

Tsiku lina a kapitawo anati odula bwino akaonetsedwe nyumba ya bwana wamkulu, ati tikaone chitukuko. Nyumbayo amati anamanga Mpwitikizi kalekale. Woyamba kusankhidwa anali ndani? Musandifunse zodziwikiratu.

Pageti anyamata a chipani anaona makhadi athu, n'kuyang'ananso madiresi a amayi ngati abisa mawondo. Kenaka wotitsogolera, bambo wa jekete loyera, anakuwa kuti, "Vulani nsapato nonse!" Tinayang'anana. Pagulu lonselo wovala nsapato anali iye yekha.

M'katimo, abale inu! Kudenga anajambulako makanda onenepa, a mapiko, opanda ngakhale thewera. Ndinafunsa, ndipo mawu anga mukuwadziwa kuti sanong'ona: "Kodi awa anyamata a pageti sanawaone?" A tcheyamani athu a nthambi anandiponda chala. Mipando inali ya miyendo ya mkango, yotchingidwa ndi chingwe kuti munthu asakhalepo. Magalasi a m'mphepete mwa golide anali khoma lililonse, moti ndinadziona ndili anthu asanu, onse ooneka bwino.

Chimene chinandipweteka chinali kuseri. Ati ndi munda. Munda! Mitengo yometedwa ngati mitu ya asilikali, tinjira ta timiyala, ndi mayi wosema pamwala akukhuthula mtsuko tsiku lonse osatha. Ameneyo a tcheyamani anali atamuveka kale chitenje. Mipope inkawaza madzi pa udzu woti mbuzi siloledwa kudya. Ndinagwada n'kufumbata dothi: lakuda bii, lonyowa, lonunkhira manyowa.

Ndinafunsa wosamalira maluwa, mkulu wina Msena, kuti, "Achimwene, pamenepa mumadyapo chiyani?"

"Nkhabe, m'bale wanga," anatero akupukusa mutu. "Ndi pyakuona basi."

Zongoona! Kwathu munthu sadutsa dothi lonyowa mbewu zili m'thumba. Anzanga ali kalikiliki kuwombera m'manja dona, mkazi wa bwana, amene ankalankhula pakhonde, ine ndinalowa pabedi la maluwa lozungulira la pakati penipeni. Chidendene pansi, njere zitatu, kukwirira. Chidendene pansi, njere zitatu. Kachitini kanatha.

Lamulungu lililonse ndinkakasuzumira pampanda. Anamera. Msena uja anawadziwa tsiku lomwelo, nanga pali Msena wosadziwa mapira? Koma anauza dona kuti ndi maluwa aja anaitanitsa kunja. Dona anakondwa zedi. Mapira anga anapitirira mayi wa mtsuko kutalika, ndipo alendo a magalimoto ankajambulitsa pomwepo, a tcheyamani ali pambali kuvomereza kuti zoterezi kuno sizipezeka. Munthu woti anakulira thobwa la mapira!

Ngala zitakhwima, Msena anandipeza pamsika. "Mawa kukubwera akuluakulu a chipani," anatero. "Dona akuti tidule maluwa aataliwo tikaike m'miphika ya patebulo. Akafota, tikawataye kudzala."

Mbewu ya bambo anga, kudzala!

Sindinadikire mawa. Ndinatenga chikwanje cha ntchito ndi thumba, dzuwa lili paliwombo, n'kuuza mlonda kuti andituma kukasadza mitengo. Ndinali nditadula ngala zonse kupatula ziwiri pamene dona anatulukira akukuwa Chichewa chake chothyokathyoka: "Wakuba maluwa! Wakuba maluwa!"

Ndinavula chipewa, chifukwa ulemu ndinaphunzitsidwa. "Dona," ndinatero, mpaka a kukhitchini anamva, "awa ndi mapira a bambo anga. Inu munangothandiza madzi, ndipo zikomo kwambiri. Ziwirizo ndakusiyirani za m'miphika."

Ntchito inatha tsiku lomwelo. A tcheyamani anati ndachititsa manyazi nthambi yonse, ndipo khadi langa analitembenuza kangapo kufuna cholakwa, osachipeza. Ndinayenda wapansi mpaka ku Chapananga thumba lili pamutu, osalitula ngakhale pomwa madzi.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa bwino. Mapira oyera amene mukuwaona m'minda ya kuno, mpaka kutsidya kwa mtsinje, agogo awo anakulira kunyumba yachifumu, akuthiriridwa ndi mpope. A tcheyamani nawonso anadzapempha mbewu, atavala nsapato zatsopano. Ndinawapatsa, koma ndinayamba ndawauza avule nsapato.