Mapepala a pagalasi la a Anselmo Barría

A Anselmo Barría anakwatira mlongo wanga Ninfa ine ndisanamere ndevu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sindinawaonepo atalephera chinthu chachitsulo. Kwa zaka makumi atatu anali makaniko pasitima yapamadzi yowolotsa magalimoto kuno ku Punta Arenas. Injini ikangotsokomola, iwo ankadziwa chavuta asanaitsegule n'komwe. Chimene chinawasowetsa mtendere paukalamba ndi kampira ka gofu.

Anayamba masewerawa atapuma pantchito, adokotala atawauza kuti aziyenda. Ndine ndinawakokera kubwalo lathu la gofu la mphepo yosaleka. Mpira wawo unali ndi khalidwe limodzi: unkanyamuka bwinobwino, kenako n'kukhotera kumanja, kukagwera kumpanda wa mlimi wa nkhosa. Anzathu sankawasiya.

"A Barría akumenya! Uzani nkhosa zibisale!"

Iwo ankaseka nawo, koma makutu ali psuu.

Mu Meyi, chisanu chitayamba, chipale chofewa chinakwirira bwalo, tonse tinapachika ndodo n'kumadikira Okutobala. Alamu anga okha ndiwo anakana kupuma. M'shedi ya kuseri kwa nyumba yawo anapachika ukonde wakale wa asodzi, pansi n'kuyala kapeti. Pakhoma anakhomapo galasi lalitali lomwe anachotsa pa wodirobu, kuti azidziona akamamenya. Anaikamonso kambaula ka gasi.

"Alamu," anandiuza, "mpira suganiza. Ukakhota ndiye kuti pali nati yomasuka penapake, ndipo natiyo ndine. Ndiipeza."

Anaipezadi. Masana alionse ankamenya mipira zana limodzi. Anasintha kagwiridwe ka ndodo, anaphunzira kutembenuza chiuno m'malo mokwapula ndi manja okha. Chilichonse chimene atulukira ankachilemba pakapepala n'kumata pagalasi: "Phewa lipite pansi pa chibwano." "Usathamange." Pofika kumapeto kwa Juni ngakhale kalilidwe ka mpira kanali katasintha. Kale unkati phwa, tsopano unkati thwa.

Ninfa ndi amene anayamba kudandaula. Tsiku lina akundithirira tiyi anati, "Achimwene, alamu anuwa Lachiwiri anapita kukagula buledi, anabwera patatha maola awiri, buledi alibe. Akuti msewu anausintha. Msewu uti? Takhala pano zaka makumi anayi."

"Ndi gofuyu," ndinamuyankha. "Mutu wonse uli kumpira. Asiye."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta tebulo lomwe linali loyera kale.

Mu Julayi ndinapita kushedi kuja masana ena, dzuwa likulowa kale ngakhale inali isanakwane faifi. Mapepala anali atachuluka moti galasi linangotsala kampata kakang'ono pakati. A Anselmo ali kalikiliki kutola mipira, ine ndinayamba kuwerenga. A pamwamba anali a gofu. Pansipo panali ena. "Zimitsa gasi." "Makiyi ali m'thumba la jekete." "Buledi: tuluka, kumanzere, nyumba yachinayi." Kumunsi kwenikweni, pakona, panali kena kolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono: "Wa chipewa chofiira ndi Heriberto, mchimwene wa Ninfa."

Chipewacho chinali kumutu kwanga.

Nditacheuka ndinapeza akundiyang'ana, mipira ili m'manja.

"Mwawerenga," anatero.

"Ndawerenga."

Anakhala pandowa. Anandiuza za bambo awo, kwawo ku Chiloé, zimene anali asanauzepo munthu. Nawonso zinayamba chonchi, makiyi, mayina, njira. Pomaliza anawapeza m'mphepete mwa nyanja atavala nsapato imodzi, akufunsa odutsa ngati aona amayi awo, amene anali atamwalira kalekale.

"Ndikudziwa kumene ndikupita, alamu. Koma manjawa akuphunzira. Mutu ukutaya, manja akusunga. Ninfa akangodziwa anditengera kwa adokotala, andilanda galimoto, atseka shedi ino. Okutobala afike kaye. Ndimenye kamodzi kokha mowongoka, anthu aja akuona. Zikatero mukamuuze nokha."

Ndinavomera. Mpaka lero sindidziwa ngati chinali chifundo kapena mantha.

Kuyambira pamenepo ndinkapita tsiku lililonse, ati kukaphunzira nawo. Zoona zake ndinkapita kukalondera. Ankamenya bwino kuposa aliyense wa msinkhu wathu, koma nthawi zina akamaliza ankaima ndodo ili m'mwamba, maso ali paukonde, mphindi yathunthu, ngati munthu amene wamva kuitana kutali. Ndikawakhudza paphewa ankadzidzimuka, n'kuyang'ana kaye chipewa changa asanayang'ane nkhope.

Mu Ogasiti Ninfa anapita kukawaitana kuti adzadye, n'kupeza shedi yonse ikununkha gasi. Kambaula kanali kotsegula koma kosayatsa, chitseko chotseka, iwo akumenya mipira osamva kanthu, machesi ali m'thumba. Anandiimbira foni nthawi yomweyo.

"Achimwene, inu mumakhala nawo tsiku ndi tsiku. Pali chimene mukudziwa?"

"Palibe," ndinatero. "Kuiwala kwa ukalamba basi."

Mawa lake ndinakachotsa silinda ya gasi ija, ndinanama kuti ikutayikira. Anapitiriza kumenya m'chisanu atavala majuzi awiri.

Okutobala anafika, chipale chinasungunuka, bwalo linatsegulidwa ndi mpikisano wa tsiku limodzi. Ndinapempha kuti andiike gulu limodzi ndi alamu. Pamalo oyambira anthu anali atakonzeka kale ndi nthabwala zawo.

"Nkhosa zauzidwa, a Barría, menyani mwaufulu!"

Anamenya. Mpira unapita ngati wakokedwa ndi chingwe, n'kukagwa pakati penipeni pa bwalo. Wina anati, "Mwamwa chiyani chisanu chonsechi, madala?" Iwo anangomwetulira. Dzenje lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu, lachisanu ndi chinayi. Ine ndinkawawerengera ndi kuwalozera kolowera, chifukwa kawiri konse anayamba kulunjika kudzenje limene tinali titadutsa kale.

Padzenje lakhumi ndi chisanu, pamene nyanja imaonekera bwino, mpira wawo unaima pafupi ndi mbendera, mtunda wa phazi limodzi. Anafika, anauyang'ana, kenako anandiyang'ana ine. Mphepo inali itandiulutsira chipewa kalekale padzenje lakhumi ndi chitatu.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu, "kodi mpirawu ndi wa ndani?"

"Ndi wanu, alamu. Ugwetsereni m'dzenjemo."

"Ayi, ine ndilibe nthawi. Sitima inyamuka, ndipo injini yachiwiri sindinaione."

Anagoneka ndodo paudzu mosamala, monga ankaikira sipanala, n'kuyamba kutsetsereka kulunjika kunyanja. Ndinawathamangira. Nditawagwira mkono anandikankha ndi mphamvu imene sindinkaidziwa, ndipo m'maso mwawo munalibe chilichonse chondizindikira. Tinachita kuwagwira anthu atatu. Aja ankawaseka aja ndi amene anawaperekeza kugalimoto, wina atanyamula chikwama chawo.

Madzulo omwewo ndinamuuza Ninfa zonse, kuyambira Julayi. Sanalire, sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Tsiku la gasi lija munkadziwa?" Nditavomera anatsegula chitseko n'kuima pambali kuti ndituluke. Panatha miyezi inayi asanandiyankhule. Adokotala anatchula dzina la matendawo, n'kunena kuti akanabwera msanga mwina mankhwala akanachedwetsako pang'ono. Mawu oti mwina amenewo ndimagona nawo.

Tsopano ndimapitako Lachitatu ndi Loweruka kuti mlongo wanga apumeko. A Anselmo amandilandira bwino, monga alandirira mlendo aliyense, ndipo amandifunsa ngati ndawoloka bwino. Sakhalitsa pampando. Amayendayenda m'nyumba, kugwira zitseko, kusuzumira pazenera loyang'ana kudoko. Mwezi watha anatuluka m'mawa Ninfa akusamba, anawapeza woyendetsa basi pafupi ndi msika wa nsomba atavala masokosi okha.

Chipale chayambanso kugwa sabata ino. Dzulo Ninfa anandiimbira kuti ndipite ndi zida zanga, ndikakhome loko wachiwiri pageti, m'mwamba, pomwe sangayang'ane.