Zikomo wa panjinga

Chaka chimene ng'amba inawotcha mtedza wathu ku Mkanda, ndinalumbira kuti pakamwa panga sipadzatulukanso mawu othokoza Mulungu. Mvula inadula mtedza ukuchita maluwa, n'kudzabwerera patapita masabata atatu ngati mlendo wofika maliro ataikidwa kale. Titakumba, makoko ambiri anali opanda kanthu m'kati. Ndinakhala pamphasa masiku atatu kusankha okhwima limodzilimodzi mpaka anadzaza kathumba kamodzi. Imeneyo inali mbewu ya chaka chamawa. Ndinasoka kukamwa kwake ndi ulusi wabuluu, n'kukapachika kudenga kuti makoswe ndi ana anga omwe asakafikire.

Pakhomo tinali ine, ana anga atatu ndi bambo anga. Mwamuna wanga anakwera thiraki kuboda zaka zinayi m'mbuyomo, ati kukathandiza dalaivala ulendo umodzi, ndipo ulendowo sunathebe mpaka lero. Bambo anali mkulu wa mpingo. Sitiroko inawapha mwendo ndi mkono wakumanzere, koma pakamwa inawasiyira pali gwa.

Litafika Lamulungu la masika, tsiku limene akhristu timapita ndi zokolola kutchalitchi kukathokoza, bambo anandiitana m'mawa ndikusesa.

"Tsitsa kathumba kaja, mwana wanga."

"Kathumba kake kati, bambo?"

"Mwendo ndiwo unafa, maso ayi. Ka ulusi wabuluu."

"Imene ija ndi mbewu. Tengani wa m'thumba linalo."

"Makoko opanda kanthu? Ukapatse Mulungu zimene nkhuku ingakane?"

"Nanga Iyeyo watipatsa chiyani chaka chino?"

Anandikumbutsa lonjezo lija la Mulungu lakuti dziko likadalipo, nyengo yodzala ndi yokolola sizidzatha. Ndinawayankha kuti lonjezo silidzalidwa pamzere. Iwo anangoti ndikakana adzatsitsa okha ndi ndodo n'kukwawa nako mpaka kutchalitchi. Ndinkawadziwa bambo anga. Akanakwawadi, mudzi wonse ukuonerera, ine n'kusanduka nkhani ya pachitsime. Ndinatsitsa kathumbako mwaukali.

Ndinawakweza pakaliyala ya njinga, kathumba kali pamiyendo pawo. Njinga yathu inalibe belu. Kwathu kuno belu ndi pakamwa: ukapeza anthu adzaza njira umakuwa kuti "Zikomo! Zikomo!" iwo n'kupatuka. Zikomo ameneyo si wothokoza ayi, tanthauzo lake ndi lakuti choka ndidutse. Tsikulo ndinam'kuwa ngati ndikutukwana. Amayi osenza madengu a chimanga analumphira m'tchire, wina n'kufunsa ngati tikuthamangira kuchipatala.

M'tchalitchi munali chisangalalo chimene chinandinyansa. Amene minda yawo ili kudambo anabwera ndi matumba osefukira, akuvina, kulengeza kuti Mulungu wawakumbukira. Ndiye kuti ife akumtunda anatiiwala? Mlaliki anati tiziyamika m'zonse. Ndinamuyang'ana nsapato zake zonyezimira n'kunena chamumtima kuti m'zonse n'zosavuta kutchula ukakhuta. Itakwana nthawi ya banja lathu, ndinanyamula kathumba kaja, osavina, osaimba, n'kukaponya patsogolo kuti phi! Aliyense ankanena mawu othokoza akapereka. Ine ndinayang'ana kudenga n'kunena mokweza kuti, "Zikomo!"

Mpingo unavomera kuti ameni. Bambo okha ndiwo anaweramitsa mutu. Anali atamumva zikomo ameneyo njira yonse.

Mapemphero atatha, zopereka zina amazigulitsa pabwalo pomwepo, ndipo mavenda a kuboda anali atafika kale ndi masikelo awo. Sindinafune kuona mbewu yanga ikupita ku Chipata. Ndinakadikira kuseri kwa tchalitchi mpaka bambo atamaliza kulonjerana ndi anzawo.

Pobwerera bambo ndinawakwezanso pakaliyala. Titafika potsetsereka anandigwira phewa ndi dzanja lawo lamoyo.

"Wauza Mulungu kuti apatuke."

"Ndathokoza, bambo. Si zimene mumafuna?"

"Ine ndapalasa njinga zaka zambiri kuposa iwe. Wamuuza kuti apatuke. Chabwino. Koma panjira yopapatiza mukakumana awiri, wina ayenera kupatuka ndithu. Uganize kuti akhale ndani."

Ndinapalasa mwamphamvu dala pamabampu kuti asiye kulankhula, ndipo anasiyadi. Zimenezi zimandipwetekabe mumtima.

Kuchokera tsiku limenelo ndinkawaperekeza kutchalitchi koma nyimbo sindinkaimba. Pakudya iwo akamapemphera, ine ndinkatsegula maso kuyang'ana msomali wa kudenga pamene pankapachikika kathumba kaja. Anthu amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma awa anagonera miyezi inayi osakoma.

Mu Okutobala, kukutentha, bambo anagwa pakhonde ndipo sanadzukenso. Amayi a mpingo anabwera kudzaphika pamaliro monga mwa mwambo. Ndikukumbuka kuti anandikakamiza kudya, ndipo ndiwo zake zinali mfutso wotendera, nsinjiro zake zambiri, zonona. Ndinadya ndikulira, n'kuchita manyazi kuti zikundikomera.

Mvula yoyamba inagwa kumapeto kwa Novembala. Mizere ndinali nditaunga kale, sindidziwa kuti ndinkaungira chiyani. Mbewu ya pamsika mtengo wake unali wongofunsa n'kubwerera. M'mawa mwake anthu ankadutsa ndi mbale zambewu kupita kuminda, ine ndili chiimire pakhomo, manja m'chiuno. Ndinalankhula ndi Mulungu koyamba m'miyezi yonseyo, ndipo silinali pemphero labwino. Ndinati: mwatenga mvula, mwatenga mbewu, mwatenga ndi mwini wake wa chikhulupiriro chija. Nyengo yodzala munalonjeza ija ndi iyi yafika. Ndidzale chiyani, miyala?

Dzuwa litakwera ndinamva mawu kumpanda.

"Zikomo pakhomo pano!"

Anali amayi awiri a mpingo, mmodzi wa iwo wa kudambo, amene anavina kwambiri tsiku la masika. Anasenza kathumba kofota, kokhala ngati kafika theka. Ulusi wabuluu ndinauzindikira asanatule.

"Mtedza uwu sitinagulitse, mayi," anatero. "Titamasula tinaona kuti ndi wosankha, wambewu. Akulu a mpingo anati usungidwe, tidzapatse wosowa mvula ikagwa. Koma mutikhululukire, wachepa. Pamaliro a bambo anu tinasowa nsinjiro, ndiye tinatapamo."

Ndinayang'ana kathumbako. Ndiye kuti mfutso uja ndinadya ndikulira unali mbewu yanga. Theka linaperekeza bambo, theka ndi ili landipeza. Musaganize kuti mkwiyo unatha pomwepo. Ndinakwiya kuti ndi theka. Ndinakwiya kuti wosowa amene akulu anamuona ndine. Koposa zonse ndinakwiya kuti munthu woyenera kuuona ulusi umenewu ali kumanda, ndipo mawu omaliza amene tinakambirana za Mulungu ndinawadula ndi mabampu.

Mtedzawo unakwana mizere ya mbali imodzi yokha ya munda, kwinako ndinadzala mbatata. Sunali mtedza wodabwitsa, unabereka monga mtedza umaberekera mvula ikagwa bwino, ndipo mbewu yomwe ndimadzala mpaka lero ndi zidzukulu zake. Pa masika ndimapereka wosankha, nthawi zina ndikung'ung'udza.

Koma tsiku lija zonsezi ndinali ndisanazidziwe. Ndinali chiimire pakhomo, nditatseka khomo lonse ndi thupi langa, amayi aja akudikira ndi kathumba m'manja. Wa kudambo uja anabwereza motsitsa mawu, "Zikomo, mayi, tilowe nako?"

Ndinapatuka.