Alendo Atatu Amene Ndinawatsegulira Kachalitchi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Marichi, ndikukonola chimanga pakhomo panga ku Mualadzi. Anali apolisi awiri pa njinga yamoto imodzi. Sanaodire. Wamkuluyo anandifunsa ngati ndine mayi wamasiye amene ndimasunga makiyi a kachalitchi kathu. Nditavomera, anati ndisiye musi ndiyende patsogolo pawo. Ndinayenda choncho mpaka kupolisi, njinga ikulira kumbuyo kwanga, anthu ataima m'minda kuonerera.

Mlandu wanga unali uwu. Masiku atatu m'mbuyomo ndinapeza anthu atatu atagona m'mizere ya chimanga changa, amuna awiri ndi mayi mmodzi, ochokera kutali kumpoto. Chinyanja sankamva, Chipwitikizi sankamva. Mayiyo thupi linali moto, milomo itang'ambika. Polankhula ndi manja, amunawo anandionetsa kuti munthu amene anawatenga kumalire anawataya patchire mayiyo atayamba kudwala. Ndinawatsegulira kachalitchi, ndinawaphikira phala, n'kutumiza mawu kwa apadiri, wansembe wathu, amene anali paulendo woyendera midzi yakutali.

Lolemba masana mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, anadutsa pa njinga yake yamoto. Mmodzi mwa amunawo atamuona pawindo anayamba kumuloza mwamantha. Mlamu wanga naye anawaona. Anaima pang'ono, kenako anakhotetsa njinga. Iye ndiye anawataya patchire anthuwa, ndipo iye ndiye anathamangira kupolisi kukanena kuti ine ndimazembetsa anthu.

Shefi, mkulu wa papolisipo, anandifunsa mafunso tsiku lonse. Ankafuna kudziwa kumene ndimawapititsa anthuwo ndi amene ndimagwira nawo ntchito. Ndinamuuza za mlamu wanga, koma sanalembe.

"Malire mukuwadziwa, mayi?" anafunsa.

Ndinati ndikuwadziwa bwino. Ndinawadumpha ndili mtsikana wamng'ono nkhondo itafika kwathu, mchemwali wanga ali kumsana. Ku Zambia mayi wina amene sitinkamudziwa anatigoneka m'khitchini mwake miyezi iwiri, ndipo sanatifunse dokumento, pepala lotizindikiritsa.

"Imeneyo inali nkhondo," anatero.

Ndinayankha kuti sindikudziwa chimene anthuwa anathawa, koma munthu sayenda mpaka mapazi kutupa chotero chifukwa chokonda ulendo. Apo anadzuka pampando n'kundimenya khofi. Khutu langa lakumanzere silinamvenso kuyambira tsiku limenelo.

Ananditsekera m'kachipinda koyandikana ndi ka alendo aja, amene nawonso anali atawagwira, pakati pathu pali khoma losafika kudenga. Ndinkamumva mayi uja akubuula, amunawo akumenya chitseko. Lachitatu ndinapempha wapolisi wolondera kuti amutengere kuchipatala, kapena angomupatsa madzi. Anaseka. Mawu ake ndikuwakumbukira onse:

"Ameneyo alibe pepala. Munthu wopanda pepala kulibe. Ndiye adwala bwanji munthu woti kulibe?"

Lachisanu dzuwa lili pamutu mayiyo anasiya kubuula. Amuna aja anayamba kuimba motsitsa m'chinenero chawo. Anam'tulutsa atam'kulunga m'lona, phazi limodzi likukhukhuluzika pansi. Dzina lake sindinalidziwe, ndipo kumene anam'kwirira palibe anandiuza. Amuna awiriwo anawakweza m'galimoto yolowera kumalire, ku Cassacatiza.

Ine anandipititsa kundende, ku kadeya, kumene ndinakhala masabata asanu ndi limodzi popanda kuonana ndi woweruza. Tinali amayi asanu ndi awiri, chidebe chimodzi. M'mawa tinkatunga madzi a kunyumba za alonda, masana tinkaphana nsabwe. Korona yanga yopempherera anandilanda, ndiye ndinkawerenga ndi zala. Ndiulule pano kuti mapemphero anga sanali abwino. Ndinkapempha Mulungu kuti mlamu wanga, shefi uja ndi mlonda uja aliyense adzafe akuitana munthu amene ali pafupi, munthuyo n'kukhala chete.

Ananditulutsa Lachinayi lina kumayambiriro kwa Meyi, apadiri atayendayenda m'maofesi. Mlonda wapachipata anati mlandu palibe. Anawonjeza kuti, "Koma muphunzire kutseka chitseko, mayi."

Kumudzi ndinapeza ng'ombe zitadya theka la munda. Ena anabwera kudzandizonda, ena anati ndinaziputa dala. Bambo wina wa m'bungwe la tchalitchi anandiuza kuti nkhokwe zathu n'zazing'ono, tikatsegulira aliyense wodutsa tidzatha tonse, komanso dziko lopanda malire si dziko. Sindinam'tsutse, chifukwa njala ndimaidziwa. Ndinangomufunsa kuti akanakhala iye, akanapalira mzere umenewo modumpha mayi uja? Anayang'ana pansi.

M'kadeya ndinkaganiza kuti ufulu ndi kutuluka pachipata. Nditatuluka ndinapeza kuti mlamu wanga anali nawo kale ufulu umenewo, akuyenda nawo pamsika, akuseka. Ufulu wanga ine ndi pakamwa. Muno sindilemba dzina lake, koma ndalitchula kuchigayo, pachitsime, pamaliro ndi pamsonkhano wa amayi, ndipo sindinachotseko kanthu kapena kuwonjezera. Lero amayi a kwathu amalolera kuyenda wapansi kusiyana ndi kukwera njinga yake. Zimenezi sizinandikwane. Ndikufuna adzam'tenge masana, ayende patsogolo pa apolisi, ndipo ndikupempha moyo kuti ndidzaone.

Apadiri andiuza kawiri kuti ndikhululuke. Ndinawayankha kuti mbali yanga mwina ndidzakhululuka ndikakalamba, koma mbali ya mayi uja si yanga, sindingaipereke.

Lamulungu lapitali, pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, mlamu wanga anachoka kumbali ya abambo n'kubwera pamene ndinakhala. Anatambasula dzanja, tchalitchi chonse chikuona.

"Mtendere, alamu," anatero.

Ndinamuyang'ana m'maso, manja anga ali m'chitenje, mpaka nyimbo inatha.